Timabokosi Tosadetsa

Lamlungu loyamba ndinapeza malikisi 122. Lamlungu lotsatira ndinapeza 79. Kenako 125, kenako 74. Pofika kumapeto kwa Januwale, anzanga a ku akademiya, sukulu yokonzekera mayeso olowera ku yunivesite, anali atandipatsa dzina loti Katungwe, ndipo ena sankadziwa n'komwe kuti dzina langa ndi Nélida Condezo.

Akademiyayo inali pamwamba pa sitolo ya matiresi, pafupi ndi msewu waukulu wa kwathu ku Comas. Tinkaphunzira kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Lamlungu m'mawa tinkalemba mayeso oyeserera, ofanana ndi amene tinkayembekezera mu Marichi: mafunso 100, maola atatu, ndi pepala la mayankho la timabokosi todetsa ndi pensulo. Yankho lolondola linkabweretsa malikisi awiri. Ukalakwa ankakuchotsera imodzi. Funso losayankha silinkakupatsa kanthu, silinkakulandanso kanthu. Chaka chapitacho, womaliza kutengedwa pa sukulu ya zamalonda imene ndinkafuna anapeza 118.

Amayi anali atandiuza poyera. Ndikalephera mu Marichi, makina osokera oyandikana ndi awo m'shopu yosoka zovala ku Gamarra, amene anasiyidwa ndi mayi wina wopita ku Chile, adzakhala anga. Sananene mokalipa. Anali kumeta ulusi m'makolala a malaya, ndipo anangoti, "Mwini shopu wandisungira mpaka pa 20 Marichi. Kupitirira apo a Zoila a ku shopu aja akuwafunira mdzukulu wawo."

Zotsatira ankazimata Lolemba pakhoma la masitepe. Makumi anayi oyambirira ankapita ku Chipinda A, otsatira ku B, otsala onse ku C, ndipo mayeso a Lamlungu lotsatira aliyense ankalembera m'chipinda chake chatsopanocho. Ine sabata ino ndinali ku A, sabata yamawa ku C. Chipinda B ndinkangochidutsa nditanyamula chikwama.

Ku C kunali malo ambiri. Anthu ankajomba, ena ankagona. Ndinkakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, pa benchi ya ndekha, ndipo nthawi ikatha mapepala tinkawaunjika pa tebulo la pakhomo n'kumatuluka. Ku A mabenchi anali odzaza, awiriawiri, ndipo ankatikhazika potsata zilembo za maina. Motero nthawi zonse ndinkagwera pafupi ndi Fabrizio Cossío, mnyamata wamtali amene sanatsikepo ku A chiyambire. Ankalemba akugwedeza mwendo, benchi yonse n'kumanjenjemera.

Tsiku langa loyamba ku A, patatsala theka la ola, anasuzumira pepala langa. Mafunso ambiri a masamu ovuta ndinali nditawadumpha.

"Achemwali," ananong'ona, "munda wonsewu mwasiyira ndani? Mubzalamo mbatata?"

Mtsikana wa kutsogolo kwathu anaseka osacheuka. Amayi anga anabadwira kumapiri, kwa alimi a mbatata, ndipo nkhope yanga imanena zimenezo ndisanatsegule pakamwa. Ndinabwerera ku mafunso aja n'kuyamba kusankha mayankho amene ankaoneka ngati oona. Pamene ndinkapereka pepala m'manja mwa Aphunzitsi a Tapia, monga ankachitira onse a ku A, mzere uliwonse unali ndi kabokosi kakuda.

"Eya," anatero a Tapia. "A ku A amamaliza pepala."

Nkhani ya mbatatayo sindinauze aliyense. Sindinkaona kuti ikukhudzana ndi malikisi. Ndinkaona kuti ku A ndimalimbikira kwambiri, chifukwa ndinkatulukamo chala chitachita thuza.

Aliyense anali ndi maganizo ake pa za katungwe wanga. A Tapia anandiitana pa nthawi yopuma, akudya buledi wa mapeyala, zinyenyeswa zikugwera pa tayi.

"Condezo, mutu muli nawo. Vuto ndi loti mukakhoza mumatayirira. Sabata imeneyo simuwerenga."

"Ndimawerenga, aphunzitsi."

"Onse amatero. Tengani ichi."

Inali ndondomeko ya maola, yolembedwa pamanja: masamu m'mawa, kumvetsa nkhani masana, zachuma madzulo. Ndinaitsatira osaphonya. Ndinapeza 119 ku C, kenako 81 ku A.

A Zoila, amene amasoka pafupi ndi amayi, anatumiza uthenga woti ndizimwa msuzi wa mitu ya nsomba Loweruka lililonse, chifukwa mwana wa mlongo wawo anakhoza za udokotala ndi msuzi womwewo. Ndinamwa. Ndinayesanso kuvala bulauzi imodzimodzi Lamlungu lililonse, pensulo imodzimodzi, minibasi ya nthawi imodzimodzi. Mayi wogulitsa phala la timbewu ta kinuwa pa geti naye ankadziwa za ine. Akandiona ankafunsa, "Lero tili kumwamba kapena pansi, mwanawe?" ndipo ndikati pansi ankandiwonjezera theka la kapu.

Lamlungu lina masana, nditabwerera kunyumba kuchokera kolemba mayeso achisanu ndi chiwiri ku C, ndinatulutsa mapepala asanu ndi limodzi a m'mbuyomo, amene ankatibwezera akatha kuchonga. Ndinawayala pa tebulo lodulira nsalu. Ndinkafuna kuona phunziro limene limandigwetsa. Ndinali nditachita zimenezi kawiri kale osapezapo kanthu: sabata ina zolakwa zinali m'masamu, ina m'mbiri, ina paliponse. Kunja kunkatentha, ndipo kwa oyandikana nawo wailesi inkaulutsa mpira.

Amayi anabwera ndi mtolo wa malaya ofuna kusita.

"Chotsa zimenezi, ndikufuna tebulo."

"Pang'ono, amayi."

Anaima chonyamula mtolowo. Magalasi anali atawasiya kuchipinda, ndipo popanda iwo manambala saawona. Anatula malayawo pampando, n'kukankhira mapepala atatu kumanzere ndi chala, atatu kumanja.

"Awa wasoka ndiwe," anatero. "Nanga awa wasoka ndani?"

"Onse ndi anga."

"Ayi. Taona awa. Apa wadetsa, apa wadumpha, apa wadetsa bwinobwino mpaka m'mbali. Koma awa kuchita kuthithikana, mwina kudetsa theka, mwina kutulukira kunja. Ndi mmene amasokera atsikana atsopano mwini shopu akaima kumbuyo kwawo. Amathamangitsa makina kuti aoneke akhama, mawa lake ife n'kumasula."

Ndinayang'ana manambala a pamwamba. Kumanzere kunali 122, 125 ndi 119. Kumanja kunali 79, 74 ndi 81.

Ndinatenga pepala la 125 n'kuwerenga. Ndinayankha mafunso 70 okha: 65 olondola, asanu olakwa. Pa pepala la 74 ndinayankha onse 100, ndipo olondola anali 58. Zolakwa 42 zinandidyera malikisi 42. Chinandidabwitsa kwambiri n'chakuti ngakhale mafunso osavuta, amene ku C sindikanawaphonya, ku A ndinkawalakwa, chifukwa ndinkawathamangira kuti nthawi yodetsa ena aja ipezeke.

"Amakuimirira kumbuyo ndani kumeneko?" anafunsa amayi.

"Palibe."

"Chabwino. Tebulo langa."

Ndinasonkhanitsa mapepala. Iwo anayatsa simbi n'kuyamba ndi makolala.

Lolemba pakhoma panali 124 pa dzina langa. Wina anali atajambula kakatungwe pambali ndi bolopeni. Ndinanyamula chikwama kupita ku A. Mayeso oyeserera anali atatsala amodzi okha, ndipo ndinadziwa kuti ndikagwanso ndidzakalowa mayeso enieni ndisakudziwa kuti amene akalembe ndi Nélida uti.

Sabata imeneyo sindinawerenge kuposa kale. Ndinangolemba kachikalata kakang'ono, "Ngati sukudziwa, dumpha," n'kukaika m'thumba la siketi. M'chipinda cha mayeso sakanandilola kukatulutsa, koma ndinkakamva ndikakhala pansi.

Lamlungu Fabrizio anafika mochedwa, tsitsi lonyowa.

"Katungwe wabwerera," anatero akukhala. "Tikusungireni malo sabata yamawa, kapena tibwereke wina?"

A Tapia analemba nthawi pa bolodi, n'kutiuza kuti titembenuze mapepala.

Ndinayamba ndi mafunso a nkhani, amene ndimawakonda. Funso la 17 linali la masamu a mapaipi awiri odzaza thanki. Ndinaliwerenga kawiri, n'kulidumpha. La 18 ndinalidumphanso. La 19 ndinayankha. Benchi inkanjenjemera monga mwa nthawi zonse. M'chipindamo munkamveka anthu akutembenuza masamba, ndipo aliyense akatembenuza ndinkamva ngati ndatsalira ndekha pa tsamba loyamba. Ndinapanikiza chigongono pa pepala langa kuti lisaoneke, koma chigongono sichibisa pepala lonse.

Patatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu, Fabrizio anaika pensulo pansi n'kudziwongola. Ndinamva maso ake pa pepala langa.

"Chaka chino mwawonjezera munda," ananong'ona. "Muitanitse thalakitala."

Makutu anga anatentha. Dzanja linapita lokha pa mzere wa 17, ndipo ndisanaganize ndinali nditadetsa kabokosi kachitatu. Ndinakayang'ana. Sindinkadziwa chifukwa chimene ndasankhira kameneko. Ndinatenga labala n'kufufuta pang'onopang'ono mpaka panangotsala kachipsera kotuwa. Nthawi yotsalayo ndinabwereza mafunso amene ndinali nditayankha kale. Ndinapeza awiri amene ndinawawerenga molakwika, n'kuwakonza.

Nthawi itatha tinaima pamzere kukapereka mapepala. Ndinawerenga mipata ndili pamzerepo. Inali 29. A Tapia analandira pepala langa, analiyang'ana, analitembenuza ngati kuseri kuli mayankho ena.

"Condezo, simunamalize."

Mzere wonse unali kumbuyo kwanga.

"Ndamaliza, aphunzitsi. Enawo sindikuwadziwa."

Wina anaseka kumbuyo. A Tapia anakweza nsidze, n'kuika pepalalo pamwamba pa anzake. Mawu amenewo ndi ochuluka kuposa onse amene ndinali nditanenapo m'chipinda chimenecho.

Lolemba ndinafika mochedwa dala, kuti pa masitepe pakhale patachepa anthu. Ndinayamba kufunafuna dzina langa kuchokera pansi, monga ndinazolowera pambuyo pa sabata ya ku A. Silinali pa tsamba la C. Silinali pa B. Linali pa nambala 36: malikisi 121. Kwa nthawi yoyamba ndinakhala m'chipinda chimodzi masabata awiri otsatizana. A Tapia anati ndondomeko yawo yayamba kugwira, ndipo ndinavomera ndi mutu.

Mayeso enieni anali pa 14 Marichi. Tinalipo anthu oposa zikwi ziwiri, mzere mpaka kukhota kuseri kwa mpanda, makolo ataima kutsidya kwa msewu ndi maambulera. Amayi sanabwere, inali sabata ya mayunifolomu a sukulu ndipo shopu sinatseke. M'holo aliyense anali ndi desiki yake, kutali ndi mnzake. Palibe amene akanaona pepala langa, komabe patatsala theka la ola ndinamva makutu akutentha okha, ngati kuti benchi ikunjenjemera. Ndinaika pensulo pansi, manja pa maondo, mpaka zitadutsa. Ndinasiya mipata 31.

Maina anawamata pa mpanda mawa lake masana. Ndinayamba kuwerenga kuchokera pansi. Womaliza kutengedwa anapeza 119. Dzina langa linali mizere isanu ndi umodzi pamwamba pake, ndi 123. Fabrizio anali pafupi ndi pamwamba penipeni, ndi 171. Iye mafunsowo ankawadziwadi.

Anandipeza ndikuchoka. Anzake anali atamumeta kale mbali imodzi ya mutu, monga amachitira okhoza, ndipo m'khosi munali ufa ndi dzira.

"Achemwali, mbatata zija zabereka," anatero.

Ndinafuna kunena kanthu, koma minibasi yanga inali itaima ndipo kondakitala ankaitana. Ndinakwera.

Ku Gamarra ndinakwera masitepe mpaka pa nsanjika yachinayi. Makina onse ankalira. Amayi anandiona pakhomo, koma anamaliza kaye msoko umene anali nawo, kudula ulusi, kenako n'kuchotsa phazi pa chopondera.

"Nanga?"

"Ndalowa."

"Unadumpha angati?"

"Makumi atatu ndi limodzi."

Anagwedeza mutu, n'kutembenukira kumbali. Makina oyandikana nawo anali ofundidwa ndi nsalu yabuluu, pamwamba pake wina ataikapo mbale ya chakudya.

"A Zoila," anakweza mawu kuti apose phokosolo, "muuzeni mdzukulu wanu abwere Lolemba."

A Zoila anafuula kuti ndi msuzi wa nsomba uja. Amayi anandipatsa lumo ndi mulu wa malaya kuti ndizimeta ulusi podikira kuti aweruke.