Siteviya mu Tiyi wa Bambo Bauleni

Bambo Bauleni anasiya kumwa tiyi. Mmawa uliwonse akazi awo, mayi Loyce, ankawaikira kapu pakhonde, koma tiyiyo ankazizira pomwepo mpaka ntchentche kugweramo.

Vuto linayamba pamene achipatala anawapeza ndi matenda a shuga. Anawapatsa mapiritsi oti azimwa tsiku ndi tsiku, n'kuwauza kuti achepetse zotsekemera. Kwa munthu amene anakalambira m'minda ya nzimbe ku Nchalo, chikwanje chili m'manja, mawu amenewa anali owawa. Tiyi wawo ankakhala wa masupuni odzaza, ndipo ngakhale atapuma pantchito n'kubwerera kwawo kwa Katunga, chizolowezicho sanachisiye.

"Bambo a Connie, imwaniko pang'ono chabe," ankachonderera mayi Loyce.

"Amenewa ndi madzi otentha, si tiyi," ankayankha a Bauleni. "Ndadula nzimbe moyo wanga wonse, lero shuga yemweyo wanditembenukira."

Mayi Loyce nawonso anasiya kuthira shuga m'kapu mwawo kuti amuna awo asavutike okha, koma sizinathandize. A Bauleni ankangokhala duu, nthabwala zawo zija zinatha.

Tsiku lina mwana wawo Connie, amene amasoka zovala ku Blantyre, anabwera kudzawaona. M'chikwama mwake anatulutsa kabotolo ka ufa woyera.

"Ababa, uyu ndi siteviya," anatero. "Amachokera ku masamba a chomera china. Amatsekemera kuposa shuga, koma sakweza shuga m'magazi. Mnzanga amene akudwala ngati inu ndiye wandionetsa."

Mayi Loyce sanadikire. Anateleka madzi, ndipo mwa chizolowezi anathira ufawo supuni yodzaza. A Bauleni atalawa anachita tsinya.

"Mayi a Connie, mwandiphikira tiyi kapena mankhwala a malungo?"

Onse anaseka, ndipo kanali koyamba kuti a Bauleni aseke chidwalireni. Connie anafotokoza kuti siteviya akachuluka amawawa, amangofunika kansonga ka supuni basi. Atapanga wina, a Bauleni anamwa kapu yonse n'kupempha ina.

Mayi Loyce anasangalala kwambiri. Shuga yense amene anatsala m'nyumba anagawira anansi. Ankati mdani wa amuna awo asagonenso pakhomo pawo.

Mwezi wa Okutobala unafika ndi kutentha kwake kwa kuchigwa. Loweruka lina a Bauleni anamwa mapiritsi awo ndi tiyi, n'kunyamula khasu.

"Idyani kaye mbatata, yatsala pang'ono kupsa," anatero mayi Loyce.

"Ndidzadya pobwera. Ndikufuna ndikamalize kudimba dzuwa lisanakwiye."

Dzuwa litakwera, mayi Loyce anawaona akubwera dzandidzandi, khasu atalisiya m'njira. Thukuta linali kamukamu, manja akunjenjemera, ndipo mawu awo sankamveka bwino. Anawakhazika pamphasa pansi pa mtengo wa nimu. Kenako anakumbukira zimene namwino ananena, kuti wodwala shuga akayamba kunjenjemera apatsidwe chotsekemera msanga. Anasungunula siteviya m'madzi n'kuwamwetsa. Palibe chinasintha. Anawamwetsanso kapu ina, koma a Bauleni ankangofookerafookera.

Mayi Loyce anathamangira kwa a Veronika, mlangizi wa zaumoyo amene amakhala nyumba yoyandikana nawo. Mwamwayi anawapeza akuchapa.

"Amwa mapiritsi lero?" anafunsa a Veronika akupukuta manja.

"Amwa."

"Adya chiyani?"

"Tiyi yekha. Panopa ndawamwetsa siteviya, koma sizikusintha."

A Veronika analowa m'nyumba n'kutuluka ndi shuga, ndipo onse anathamanga. Atafika anathira masupuni angapo m'kapu ya madzi n'kutakasa. Mayi Loyce anawagwira dzanja.

"Shuga? Si yemweyu akuwadwalitsa?"

"Lero ndi amene awathandize, mayi. Ndikufotokozerani bwino." Kenako anagwada pafupi ndi wodwalayo. "Bambo Bauleni, mukundimva? Mezani pang'onopang'ono."

A Bauleni anagwedeza mutu n'kumwa. Patapita kanthawi kunjenjemera kunayamba kuchepa, maso anayera, ndipo anayang'ana akazi awo.

"Mukulira chiyani, mayi a Connie?"

Mayi Loyce anangowapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje chawo, n'kukatenga mbatata ija. Amuna awo akudya, iwo anakhala pambali mutu uli pansi.

"Ndikanawapha ndine," anatero motsitsa mawu. "Ndinachotsa shuga yense m'nyumba muno."

"Musadziimbe mlandu," anatero a Veronika. "Munachita zimenezo chifukwa chowakonda. Kungoti panali chinthu chimodzi chimene simunauzidwe. Mapiritsi amene bambo amamwa amatsitsa shuga m'magazi. Munthu akamwa osadya, n'kukagwira ntchito yolemetsa padzuwa, shuga amatsika mopitirira muyeso. Pamenepo thupi limafuna shuga weniweni. Siteviya amatsekemera pa lilime pokha, m'magazi saonjezeramo kanthu."

"Ndiye kuti ndi woipa?" anafunsa a Bauleni. "Ndimutaye?"

"Ayi, musamutaye. Ubwino wake ndi womwewo, woti sakweza shuga. Mukhoza kumwa tiyi wotsekemera popanda kudzipweteka. Sanenepetsa, ndiponso saononga mano. Koma pa nthawi ngati ya lero sangakuthandizeni. M'nyumba muzikhala shuga pang'ono wodikira ngozi, ndipo popita kudimba muzitenga masiwiti m'thumba. Koma munthu akakomoka, osamuthira kanthu m'kamwa, angatsamwe. Ameneyo n'kuthamanga naye kuchipatala."

Mayi Loyce anadzutsa mutu. "Kumjigo amayi ena amanena kuti siteviya amachiritsa matenda a shuga, munthu n'kusiya mapiritsi."

"Limenelo ndi bodza loopsa. Siteviya si mankhwala. Amangolowa m'malo mwa shuga wa mu tiyi kapena m'phala. Mapiritsi osasiya, chakudya osadumphitsa."

"Takhuta, mwanangu," anatero mayi Loyce, kuthokoza m'Chisena cha kwawo kwa Mbenje.

Madzulo asanafike a Veronika anawaperekeza kuchipatala, kabotolo kaja atakatenga. Dokotala anayeza a Bauleni, kenako anawerenga zolembedwa pa kabotoloko.

"Siteviya uyu ali bwino," anatero. "Koma pogula muzionetsetsa. Ena amasakaniza siteviya ndi shuga wamtundu wina, ndiye munthu amaganiza kuti akudziteteza pamene shuga akukwera. Ena amaikamo zinthu zimene zimatupitsa m'mimba kapena kuchititsa nseru mukathira zambiri. Ngati simukumvetsa zolembedwazo, bwerani nazo kuno tikuwerengereni."

Anawafunsanso ngati amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, chifukwa kwa anthu ena siteviya amatha kutsitsako kuthamangako. A Bauleni anati samwa. Dokotala anaonjeza kuti amayi oyembekezera ndi odwala impso azifunsa kaye kuchipatala asanayambe kumugwiritsa ntchito.

Pobwerera, a Bauleni ankayenda pang'onopang'ono pambali pa akazi awo.

"Mbatata ija munandiuza, ine ndinakana," anatero. "Kuyambira lero khasu lizidikira."

Ndipo anasungadi mawu awo. Sanapitenso kudimba ndi njala. Mvula itagwa analima munda wawo wa mapira mpaka kumaliza, ndipo ulendo uliwonse wa kuchipatala namwino ankawauza kuti shuga wawo ali pabwino.

Pa ulendo wina wotere, ali pabenchi kudikira, mayi Loyce anaona mayi wina wachitsikana akupukuta misozi. Mwamuna wake anali atangopezeka kumene ndi matenda omwewo. Mayi Loyce anasendera pafupi.

"Musalire, mwanangu. Awa mukuwaonawa ndi amuna anga, akudwala matenda omwewo, koma chaka chino alima okha munda wonse. Bwerani ndikuuzeni zimene ife tinaphunzira movutikira."

Mayi uja anapukuta maso n'kutchera khutu.

Matenda a shuga si mapeto a moyo. Siteviya angathandize wodwala kuchepetsa shuga m'zakumwa ndi m'zakudya, koma sachiritsa ndipo salowa m'malo mwa mankhwala. Thirani pang'ono, onetsetsani zimene mwagula, idyani pa nthawi yake, ndipo sungani shuga weniweni pafupi kuti athandize shuga wa m'magazi akatsika. Musanasinthe kadyedwe ka wodwala, kambiranani kaye ndi achipatala.