Manda a Pakati pa Mitengo Iwiri

Tomásia anafika ku Quelimane Lachisanu m'mawa atakwiya kale. Mkwiyowo anachoka nawo ku Nampula, komwe anakhala zaka makumi awiri akugwira ntchito ya unamwino, ndipo njira yonse ankangousonkhezera. Uthenga umene anaulandira unali waufupi: munda wakale wa bambo ake ku Maquival waperekedwa kwa alimi a mpunga, thalakitala ilowa Lolemba, ndipo mchimwene wake Custódio sakudziwanso pamene pali manda a mayi awo.

"Munthu wogona pomwepo, wodzuka pomwepo, n'kutaya manda a mayi ake ngati singano!" anatero Tomásia.

Deolinda, mwana wake wamkazi amene ankayendetsa galimoto, anali atamva mawu amenewa kuyambira ku Mocuba. Iye ankamvera foni imene inkawauza njira. Foniyo inawauza molimba mtima kuti akhotere kumanja akawoloke mlatho, iwo n'kukhotadi. Anakapeza zipilala ziwiri zili chilili m'madzi ndi amayi atatu akuchapa.

"Mlatho?" anaseka mmodzi wa amayiwo. "Mwachedwa, amayi. Unapita ndi madzi chaka cha namondwe. Foni yanuyo sinamve malirowo?"

Anabwerera n'kukazungulira kutali, Tomásia akudzuma. Kale kuno munthu sankasochera. Ukafunsa njira ankakuuza kuti ukafika pachitsime uwerenge mizere isanu ndi umodzi ya mitengo ya kokonati, kenako ukhote pa mtengo wopendekeka. Unkayenda mumthunzi kuchokera kunyumba mpaka kutchalitchi, masamba akusokosera pamwamba, fungo la kokonati woyanikidwa likukutsata. Kenako kunabwera matenda a chikasu ogwira kokonati, mitengoyo n'kumathothoka mitu umodzi umodzi. Tsopano pawindo pankangooneka tchire ndi mathunthu angapo oima ngati mapolo amene anaiwala kuikamo mawaya. Tomásia anamva chisoni, koma chifukwa chakuti sankafuna kulira pamaso pa mwana, anawonjezera kukwiya.

Bambo awo anali ndi mwambo wa kwawoko: mwana akabadwa, ankakwirira mchombo wake n'kudzalapo kokonati. Mitengo ya Custódio ndi Tomásia anaidzala payokha, kunja kwa mizere, motalikirana mapazi ochepa. Mayi awo, Dona Zefa, asanamwalire analamula kuti adzaikidwe pakati pa mitengo iwiriyo. "Kuti ndizikuleretsani," anatero. Ana akewo ankawadziwa bwino.

Tomásia anamupeza Custódio atakhala pakhonde, maso ake onse awiri atayera ndi ng'ala.

"Ndikumva fungo la chipatala," anatero akukweza mphuno. "Ndi Tomásia ameneyo? Madzi saiwaladi khwawa. Amangochedwa."

"Musandisereule, achimwene. Amayi mwawasiya kuti?"

"Khala pansi kaye. Mlamu wako waphika mukapata."

"Sindinabwerere chakudya ine."

Custódio anapukusa mutu. "Mitengo inagwa, anyamata anazula zitsa, madzi anasalaza mtumbira n'kutenga mtanda, maso nawo n'kunditsanzika. Ukufuna ndizipita kukanunkhiza?"

"Mukanakhala kuti mumapitako, bwenzi miyendo ikukumbukira," anatero Tomásia. Mawuwa anali atawakonza kuchokera ku Nampula, ndipo anatuluka akuthwa monga ankafunira. Custódio anangofufuza ndodo yake pansi n'kuigwira.

Tomásia ndi Deolinda analowa m'mundamo awiri. Udzu unali wofika m'chiuno, dzuwa lili paliwombo. Tomásia ankati apa, akayenda pang'ono n'kunena kuti ayi, apo. Chitsime chinali chitakwiririka, mtengo wopendekeka kunalibe, ndipo munda umene ankaudziwa ngati chikhatho chake unamukana poyera. Atatopa anabwerera pakhonde paja thukuta lili kamukamu.

Deolinda anatulutsanso foni n'kusintha mapu aja kuti aonetse chithunzi chojambulidwa kumwamba. Anaseka.

"Amalume, mukanaona bodza la foniyi. Akuti panopa takhala m'nkhalango. Chithunzichi n'chakalekale, sanachisinthe. N'chifukwa chake inatitumiza pa mlatho wakufa uja."

"Tandipatse," anatero Tomásia.

Anavala magalasi. Pafonipo panali mitengo yonse ya bambo ake, yamoyo, yobiriwira, uliwonse ukuoneka ngati kanyenyezi, mizere yake ili ndondondo. Anaona chitsime. Anaona denga la malata la nyumba yomwe anakhala pakhonde pakeyo. Anawerenga mizere ndi chala, ndipo kuseri kwa mzere womaliza anapeza tinyenyezi tiwiri titaima patokha.

"Ndi iyi! Deolinda, kuza apa."

Deolinda anakuza ndi zala ziwiri. Pakati pa mitengo iwiriyo panali kamalo koyera, kosesedwa. Ndipo kuchokera pakamalopo panali kamzere kopyapyala, kotuwa, kodutsa pakati pa mizere mosakhota mpaka kudzafika pakhomo la nyumba ya malata.

"Kameneka n'chiyani?"

"N'kanjira, Amama."

"Kopita kuti?"

"Sikakupitirira. Kakuyambira pakhomo pano n'kuthera pomwepo."

Tomásia anakulira kumudzi, sankafunika womuuza. Udzu wa ku Maquival sumachedwa, njira ukaisiya mwezi umodzi wa mvula imatseka. Kumandako kunalibe chitsime, kunalibe msika, kunalibe nyumba ya munthu. Kuti kanjira kotero kachite kuonekera kumwamba, ndiye kuti munthu mmodzi ankakaponda m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, zaka zomwe Tomásia ankatumiza moni pafoni n'kumalonjeza kuti abwera chaka chamawa. Manyazi anamugwira, mpaka anavula magalasi n'kumawapukuta popanda chifukwa.

"Mwangoti zii bwanji?" anafunsa Custódio. "Foni yafa?"

"Yapeza njira yanu, amalume," anatero Deolinda. "Kungoti kadontho kosonyeza pamene taima kamavina. Kakhoza kutiphonyetsa ndi mapazi khumi kapena kuposa. M'udzu uwu tikumba mpaka Lolemba."

"Iwe ungondilozetsa kolowera," anatero Custódio akudzuka. "Chimene chinandisokonekera ine ndi mbali yake, poti ndinkayenda chogwira mitengo. Kutalika kwake musakuvutikire. Ndi mapazi mazana anayi ndi khumi ndi awiri, kuyambira pa sitepe iyi."

Palibe anamufunsa kuti anawawerenga liti.

Ananyamuka atatu. Deolinda anali patsogolo, maso pafoni, akuti kumanzere pang'ono, ayi mwapitirira, bwererani. Custódio ankabwera pambuyo akuwerenga chapansipansi, ndipo Tomásia anamugwira pachigongono, akumukankhira udzu kumbali. Pafonipo ankadutsa mumthunzi, pamene mitu yawo inkapsa ndi dzuwa.

"Apa tadutsa mtengo wopendekeka uja," anatero Deolinda.

"Umene anagwamo mayi akowa akuba kokonati wamuwisi," anatero Custódio osasiya kuyenda. "Mazana awiri ndi makumi asanu ndi limodzi. Analira ngati mbuzi."

"Munandikweza ndinu!"

"Usandisokoneze, nesi."

Atakwana mazana anayi ndi khumi ndi awiri Custódio anaima n'kuzika ndodo pansi. Kadontho ka Deolinda kanali kakuvinavina chakumbali, pamwamba pa mtengo wa Tomásia umene kunalibe. Deolinda anayamba kumweta udzu mozungulira ndodoyo ndi chikwanje chimene anatenga kunyumba. Anamweta nthawi yaitali osapeza kanthu, mpaka Tomásia anayamba kuopa kuti mwina nkhalamba ikamakula mapazi ake amafupika. Kenako chikwanje chinalira pachitsulo. Anafukula ndi manja, ndipo munatuluka mbale yakale ya maluwa ofiira, yodzimbirira m'mphepete, mkati mwake muli phula la makandulo lokhuthala ngati chala, lina pamwamba pa linzake.

Tomásia anaizindikira. Inali mbale imene mayi awo ankadyeramo. Anaiika m'manja mwa mchimwene wake, akufuna kupepesa, koma anangolira, osabisanso.

Custódio anasisita mbaleyo, kenako anagwada pang'onopang'ono n'kuyamba kusesa dothi ndi chikhatho, monga munthu wozolowera ntchito yake.

"Amayi, ndine," anatero. "Ndachedwa zaka zitatu, mundikhululukire, njira inanditaya. Koma lero musadandaule. Ndabwera ndi mwana wanu wina uja."