Voti ya Gottlieb Rehbein

Chisankho cha mu Novembala 1933 chinapeza Gottlieb Rehbein atatha zaka zisanu ndi chimodzi osaona. Maso ake anapsa pang'onopang'ono ndi moto wa ng'anjo ya kufakitale ya mabotolo, komwe anagwira ntchito zaka makumi atatu, koma pakamwa pake motowo sunapakhudze. Ku Brennau kuno aliyense ankadziwa kuti mkuluyu ndi wa chipani cha anthu apantchito kuyambira nthawi ya mafumu, ndi kuti analowapo m'chitokosi kawiri chifukwa cha lilime lomwelo. Tsopano chipani chakecho chinali chitaletsedwa, zipani zina zitadzithetsa zokha ndi mantha, ndipo m'Jeremani monse munatsala chimodzi chokha, cha Nazi. Gottlieb ankati chimenechi ndi chimfine chabe, chivutitsa anthu nyengo imodzi kenako chipita.

Amene ankadziwa kuti si chimfine anali mwana wake, Alwine. Mwamuna wake Ewald, yemwe anali mlembi wa bungwe la apantchito, anatengedwa mu Meyi ndi anyamata a malaya akhaki, achitetezo a chipani, n'kubwezedwa mu Sepitembala zala ziwiri za kumanja zitapindika. Za kumene anali sanafotokozepo. Ankangokhala pafupi ndi mbaula ali duu, ndipo munthu akagogoda pachitseko ankadzambatuka n'kuima njo, manja m'mbali. Chimodzi chokha ndicho anauza mkazi wake: pomutulutsa anamuchenjeza kuti pakangomveka kanthu kochokera m'nyumba mwake adzabwerako, ndipo ulendo umenewo sadzatulukira pageti. Kuyambira tsiku limenelo ntchito ya Alwine inali imodzi, yoti m'nyumbamo musachoke kanthu.

Tisanamizane, ife a ku Brennau sitinagone tili anthu abwino n'kudzuka tili a Nazi. Fakitale itatsekedwa, abambo anatha zaka zitatu akuwerenga mitengo ya m'mphepete mwa msewu. Tinkavota kawirikawiri mpaka nsapato kutha, boma n'kugwa lisanaphunzire maina a nduna zake, ndipo anthu anatopa. Ndiye kunabwera awa, ndi mphika wa supu, majombo atsopano, ng'oma, komanso maina a anthu oti tiziwaloza chala pa mavuto athu onse. Lutz Haberkorn, amene anaphunzira kalasi imodzi ndi Alwine ndipo sanathe ngakhale kuweta atsekwe a amayi ake, anavala malaya aja n'kusanduka munthu womuvulira chipewa. Atayamba kutenga anthu tinkasuzumira pawindo n'kumati alipo chimene alakwa, ngati kuti sitidziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Loweruka masana, Alwine akusenda mbatata, bambo ake anayambitsa nkhani ya mawa lake. Pepala lovotera linali ndi funso limodzi, ngati munthu akuvomereza zochita za boma, ndipo pansi pake panali timabwalo tiwiri, ka Inde ndi ka Ayi. Lamulo linkalola wosaona kulowa ndi munthu amene amamukhulupirira kuti amuchongere. Zisankho zonse chichitireni khungu, Gottlieb ankalowa ndi Alwine.

"Mawa uchonga Ayi, mwana wanga. Udinikize pensulo mpaka ndimve."

"Bambo, tsitsani mawu."

"M'khitchini mwanga? Ndikuopa mbatata?"

Alwine anayesa njira zonse. Anati kunja kukuzizira, angonena kuti chifuwa chawagwira. Mkuluyo anati odwala akukawanyamula pamachira, ndiye iye aziyenda ndi miyendo yake. Anawakumbutsa za Ewald, yemwe anali pomwepo akuyang'ana pansi. Apa Gottlieb anafewetsa mawu. Anati mkamwini wake amamukonda, ndipo voti ndi yachinsinsi, chinsinsi chimene anthu anachimenyera nkhondo iye akali ndi mano onse. Anawerenga pazala anzake akale a kufakitale, Bruno Stamm, ana a kwa Vollrath, mayi wamasiye wa kuseri kwa tchalitchi, n'kunena kuti a Ayi sachepera makumi atatu. Ndani adzadziwe kuti pepala ili ndi la yani?

Funso limenelo ndi limene linkamusowetsa mtendere Alwine. Kwa wophika buledi amayi ankanong'onezana kuti kuseri kwa mapepala kwalembedwa manambala ndi mkaka, oti akawayandikiza pamoto amaonekera. Ena ankati maenvulopu amagwera m'bokosi mosanjikizana, moti wokhala ndi kaundula angathe kulondola kuti wachisanu ndi uje, wachikhumi ndi uje. Palibe amene anaona zimenezi ndi maso ake. Koma mantha safuna umboni, ndipo amene anafalitsa mphekeserazo ankadziwa zimenezo.

Lamulungu, belu la tchalitchi lisanalire, galimoto inaima pakhomo. Ewald anaima njo. Amene analowa anali Lutz, lamba akulira, fungo la polishi lili guu.

"Madala, tabwera kudzakunyamulani. Boma latsopano silisiya munthu m'mbuyo."

"Ndi Lutz ameneyo? Ndamva majombo. Kodi analowa m'mutu, kapena akadali kumapazi?"

Lutz anaseka, koma maso ake anali pa Ewald. Anafunsa ngati zala zikupola bwino, ndipo anati kumene anamutsekera kuja anzake amamufunsabe. Alwine anaveka bambo ake jasi mofulumira, mabatani n'kuwasemphanitsa, ndipo onse anatuluka.

Ankavotera m'kalasi yaikulu ya pasukulu. Mabenchi anali atakankhidwira kukhoma, kutsogolo kuli tebulo la kaundula ndi bokosi, ndipo anyamata a malaya akhaki anaima awiri pakhomo, awiri pawindo. Kachipinda kovoteramo kanalipo ndithu pakona, ndi katani yake yobiriwira, monga mwa lamulo. Palibe anaichotsa, palibe analetsa munthu kulowamo. Kungoti palibe amene ankalowamo. Aliyense akalandira pepala ankawerama patebulo pomwepo, pamaso pa onse, n'kuchonga Inde, ena mpaka kulikweza m'mwamba ngati mwana woonetsa mayeso amene wakhoza. Munthu wopanda chobisa katani ndi yachiyani? Ewald anachonga patebulo ndi dzanja lamanzere, n'kukaima panja pafupi ndi windo, pomwe ankaona zonse za m'kati.

Atafika Gottlieb, Lutz anatola pensulo n'kunena kuti asavutitse mayiyu, iye awachongera pompano.

"Lamulo likuti munthu amene ndimamukhulupirira," anatero Gottlieb, mawu ake akumveka mpaka kumabenchi. "Iwe sindingakusungitse ngakhale chipewa. Alwine, nditengere kukatani."

Mphunzitsi wamkulu, amene anali wapampando wa chisankho, anayang'ana m'kaundula ngati wataya dzina. Kuchoka patebulo kukafika pakona panali mapazi khumi okha, koma Alwine anamva maso a mudzi wonse akumuboola msana. Ankadziwa kuti ulendo umenewu wokha wanena kale zambiri. Anakoka katani, mphete za kataniyo zinalira, ndipo anatsala awiri m'kamdima konunkha choko.

Pensulo inali yomangidwa ndi chingwe. Bambo ake anamugwira pamkono, n'kunong'oneza kuti ka Ayi ndi ka kumanja, asasokoneze. Pansi pa katani Alwine ankaona nsonga za majombo zitayandikira. Anaganiza za mkaka, za maenvulopu osanjikizana, za geti imene Ewald sadzatulukirapo. Anaganizanso za dzanja limene linali pamkono pakelo, limene linamuphunzitsa kulemba dzina lake, ndipo linamuperekeza m'kalasi yomweyi chaka chimene akazi anavota koyamba. Anaika pensulo pa kabwalo ka kumanzere, ka Inde, n'kudinikiza kawiri mwamphamvu kuti mkuluyo amve.

"Zatheka?"

"Zatheka, Bambo."

Anatuluka mkuluyo monyada, chifuwa patsogolo. Alwine, m'malo molowetsa pepala mu envulopu ali m'kati, analowetsera patebulo, pang'onopang'ono, atalitembenuzira kwa Lutz. Lutz anaona, anakweza nsidze, kenako anamwetulira kumwetulira kumene Alwine sanakuiwale moyo wake wonse. Pakhomo ankapereka kabaji kachitsulo kolembedwa Inde kwa aliyense amene wavota, ndipo Lutz anamuveka yekha Gottlieb pajasi. Mkuluyo analola, akuseka chamumtima kuti wawapusitsa.

Tsiku lonselo anali munthu wina. Anadya mbatata ndi kabichi mpaka kupempha zina, anaitanitsa kabotolo ka kachasu kamene ankasungira Khirisimasi, n'kumang'ung'udza nyimbo zakale za kufakitale. Anauza Ewald kuti asataye mtima, mawa amva kuti Brennau akadali ndi amuna. Alwine ankatsuka mbale zoyera kale. Chimene ankapempha kwa Mulungu chinali chaching'ono: kuti mwa makumi atatu aja papezeke ngakhale atatu, ngakhale mmodzi, woti bambo ake azimuyesa kuti ndi iwo. Ankafuna kuti munthu wina achite zimene iye walephera, ndipo manyazi ake ankawamva bwinobwino.

Lolemba m'mawa mthenga wa kukhonsolo anazungulira ndi belu lake, monga amachitira pakakhala chilengezo. Anaima pachitsime, pafupi ndi nyumba yawo, ndipo Gottlieb anauza Alwine kuti atsegule windo. Mthengayo anawerenga mokweza kuti ovota ku Brennau anali 611. A Inde anali 611. A Ayi panalibe. Mavoti owonongeka panalibe.

Nkhope ya Gottlieb inafiira.

"Aba. Andibera voti yanga masanasana. Jasi langa lili kuti?"

Anadzuka n'kuyamba kupapasa khoma kufuna ndodo. Anati akupita kukhonsolo pompano, akaima pamasitepe n'kuuza aliyense kuti iye, Gottlieb Rehbein, anavota Ayi, ndipo mwana wake ndiye mboni chifukwa ndi amene anachonga. Akalumbira pamaso pa woweruza, akalembera nyuzipepala za kunja, amumange ngati akufuna, zaka zake zakwana kale. Sankalankhula za nthabwala. Ndodo anaipeza, ndipo anali atagwira kale chogwirira cha chitseko. Ewald anali ataima pafupi ndi mbaula, nkhope ili mbuu.

Alwine anathamanga n'kutsamira chitseko ndi msana. Anayesa kunena kuti adikire mawa, kuti mwina alakwitsa powerenga. Mkuluyo anamukankha paphewa, ndipo mphamvu za kung'anjo zinali zikadalimo m'manja mwake. Panja pankamveka anthu akubwerera kuchokera kuchitsime, ena akudutsa pansi pa windo penipeni. Panalibenso bodza lina loti n'kumuimitsa nalo.

"Sanabe, Bambo."

"Ukuti chiyani?"

"Voti yanu sanabe. Ndinachonga Inde."

Dzanja linachoka paphewa pake. Alwine anadikira mbama, ndipo akanailandira mosangalala, koma sinabwere. Gottlieb anangoima, mutu utapendekeka ngati akumvetsera chinthu chakutali. Patapita nthawi anafunsa, ndi mawu aang'ono, za Bruno Stamm, kuti mwina yake ndiye aba. Amene anayankha ndi Ewald, ndipo aka kanali koyamba kulankhula osafunsidwa chibwerereni. Anati Bruno anachonga patebulo, iye akuona. Ana a kwa Vollrath chimodzimodzi, mayi wa kuseri kwa tchalitchi chimodzimodzi. Tsiku lonse katani inakokedwa kamodzi kokha.

"Ndiye awerenga zoona," anatero Gottlieb.

Anabwerera yekha, akupapasa tebulo, n'kukhala pampando wake jasi lili m'thupi, ndodo ili pakati pa mawondo. Alwine anafuna kugwada, kufotokoza za geti, za majombo a pansi pa katani, koma anaona kuti zonsezo mkuluyo akuzidziwa, ndipo kuti sakumukwiyira n'komwe. Zimenezo ndi zimene zinamupweteka koposa. Ewald anali wotetezeka, kanthu sikanachoke m'nyumba, zimene ankafuna zinali zitachitika.

Panja wina anatsokomola, ndipo mapazi anaima pang'ono asanapitirire. Gottlieb anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mphepo yozizira. Munthu amene mafumu ndi apolisi awo analephera kumutseka pakamwa anaweramira kwa mwana wake, n'kulankhula monong'ona, moti Alwine anachita kuyandikira kuti amve.

"Alwine, ndinakweza mawu kwambiri? Tseka windo, mwana wanga. Mwina wina wamva."