Chingwe Chinatsala ku Likhubula

Matabwa a mkungudza anali ataunjikidwa kale m'munsi mwa phiri, ku Likhubula, koma mtima wa Wyson sunali m'malo. Mitambo yakuda ngati mwaye inali itayamba kumaswera pamwamba pa phiri, ndipo mwini matabwawo anali atanenetsa kuti akuwafuna ku Kabula mvula isanakhazikike. Masiku amenewo kunalibe galimoto. Katundu yense ankayenda pamutu pa munthu.

Wyson anakulira pa umtengatenga. Chikoti cha akapitawo ankachidziwa, ndipo anali ataonapo katundu akufunditsidwa lona pamene omunyamula akugona pamvula ngati mbuzi zopanda mwini. Tsopano anali atasonkhanitsa anthu akeake, ambiri mwa iwo abale amene anawoloka nawo malire limodzi pothawa nkhanza za Apwitikizi, ndipo analumbira kuti pa ulendo wake sipadzalira chikoti. Mmodzi wa anthuwo anali Isake, mlongo wake wa mkazi wake Christobel, mnyamata wofatsa amene anali atangokwatira kumene.

Kunyamula katundu ndi kwina, kutsogolera ulendo ndi kwina. Wyson anazindikira zimenezi, choncho anapita kwa a Pilato, munthu wamkulu amene anatsogolerapo maulendo mpaka ku Kilimane mwendo wawo usanalumale. Anawapeza akuluka mono pakhonde.

A Pilato sanafunse za matabwa. Anafunsa za anthu: kuti adya chiyani, agona pa chiyani, ndipo wina akatupa khosi amulandira ndani. Anati ufa ndi mchere zichokere kumudzi chifukwa midzi ya m'njira imabisa nkhokwe ikaona ulendo. Anati munthu aliyense apote nkhata yake ya masamba ouma a nthochi, ndi ina yapadera. Pakhale nkhwangwa, mphasa, nsungwi yaitali yoyesera madzi, ndiponso amuna ena oyenda chimanjamanja oti azilandira otopa. Atafika pa nkhani ya chingwe chowolokera mitsinje anaika mono pansi.

"Chikhale chachitali, chofika tsidya lina la mtsinje wa Thuchila n'kutsalako chomangira pamtengo," anatero. "Mitsinje yochokera m'phirimu siipereka moni. Iwe uli padzuwa, kumtunda yagwa kale."

Wyson anayankha kuti zonsezo apeza.

"Kupeza si nkhani, mwana wanga. Tsiku loyamba usapite kutali. Ukagone pamene utsi wa kwanu ukuonekabe. Mukafika pamenepo dzuwa likadalipo, mumasule mitolo yonse muone chimene chatsala, ndipo aliyense anene pamene pakumupweteka. Palibe ulendo umene suiwala kanthu. Chachikulu n'chakuti uzindikire uli pati."

Wyson anasonkhanitsa zonse monga anauzidwa. Chingwe anapotetsa cha khonje, chonenepa bwino, nachiviika m'madzi kuti chifewe, kenako anachiyanika kuseri kwa nyumba. Koma msuweni wake Samueli, amene anamusankha kukhala wachiwiri wake, atamva za kugona pafupi anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Msuweni, nkhalamba ija ikufuna tikagone kuseri kwa nkhokwe ngati ana a masanje? Akazi athu akabwera kudzatifunda chitenje, mudzanena kuti tili pa ulendo?"

Anapitiriza kunena kuti mwambo umenewo unali wa anthu akale amene analibe wowathamangitsa, kuti ufa udzangodyeka anthu asanayende, ndi kuti mvula siidikira munthu. Mawu a mvulawo ndi amene analowa Wyson m'mutu. Anayang'ana phiri, naona kuti mitambo yatsika kufika pakati pake.

Ananyamuka m'mamawa. Anadutsa pa Chinakanaka dzuwa lili paliwombo osatula, anthu akuimba kuti aiwale kulemera. Masana mphepo inaleka. Mbalame zinakhala chete, ndipo nyimbo ija inayamba kuzilala mmodzimmodzi mpaka kunatsala phokoso la mapazi lokha. Isake ankatsalira m'mbuyo. Thabwa lake linali laliwisi, lolemera kuposa a anzake, koma sanafune kudandaula pamaso pa alamu ake.

Dzuwa litapendeka anatula pafupi ndi Thuchila. Pomasula mitolo anapeza ufa, mchere, nkhwangwa, zonse zilipo. Chingwe panalibe. Wyson ankayesa kuti watenga Samueli, Samueli ankayesa kuti chili mu mtolo wa mphasa. Chinali chitatsala pamene anachiyanika. Akadagona pafupi, munthu akadathamanga n'kubwera nacho ndiwo zisanapse. Apa tsopano kunali kutaya tsiku lonse ndi linzake.

Kutacha, kumwamba kunali koyera pamene iwo anali, koma phiri silinkaoneka n'komwe. Mtsinje unali utasanduka wofiirira. Unkafika m'chiuno, ndipo unkatenga timitengo ndi masamba amene samera kuchigwa. Samueli anati awoloke msanga madzi asanakwere. Amuna ena anangoyang'ana pansi. Isake anasendera kwa Wyson, khosi litauma moti potembenuka ankatembenuka ndi thupi lonse.

"Alamu, madziwa akununkha phiri," anatero motsitsa mawu. "Bwanji titume munthu akatenge chingwe chija?"

Wyson anapsa mtima, makamaka chifukwa ankadziwa kuti kulakwa kunali kwake. Sanamenye munthu. Anangofunsa mokweza ngati anatenga amuna kapena anamwali, nasenza thabwa n'kulowa m'madzi iye woyamba. Munthu amene anadana ndi chikoti moyo wake wonse sanadziwe kuti lilime nalo limakwapula. Manyazi anawakankha onse, ndipo anayamba kulowa motsatizana, manja onse awiri ali pa thabwa, opanda pogwira.

Ambiri anali atafika tsidya pamene kumtunda kunamveka mkokomo ngati mphepo ikulowa m'nsungwi. Isake anali pakati penipeni. Anzake anamukuwira kuti ataye thabwa, koma munthu amene wauzidwa kuyambira ubwana kuti katundu wa bwana sagwa pansi saphunzira kutaya m'kamphindi. Madzi anamufika m'chifuwa, nsonga ya thabwa inamira, ndipo thabwalo linazungulira n'kumukokera pansi. Wyson anadumphiramo, koma mtsinje unamulavulira m'bango. Panalibe choti aponye.

Anafufuza kumunsi mpaka madzi ataphwa. Thabwa analipeza litakodwa m'mizu ya mkuyu. Isake sanamupeze.

Samueli anapitiriza ndi ena mpaka ku Kabula. Akuti mwini katundu atamva zimene zinachitika anapukusa mutu pang'ono, kenako anafunsa ngati matabwawo ananyowa kwambiri. Dzina la munthuyo sanalifunse.

Wyson anabwerera ndi amuna ochepa. Ankakhala chikamwini, kwawo kwa mkazi wake, choncho uthenga anayenera kukautula pakhomo pa apongozi ake enieni. Christobel anali kupeta mapira pabwalo. Anaona anthu akubwera opanda katundu ndi opanda nyimbo, nayang'ana nkhope imodziimodzi mpaka yomaliza. Lichero linatsetsereka m'manja mwake.

"Mwamusiya kuti?" anafunsa.

Wyson anagwada pamaso pake.

Popeza mtembo panalibe, anadula thunthu la nthochi, nalikulunga mu mphasa ya Isake, n'kukaliika m'manda monga mwa mwambo. A Pilato anabwera ndi ndodo yawo, nakhala pambali pa Wyson osanena kanthu za malangizo aja. Palibe amene anathamangitsa Wyson pamudzi. Koma chilimwe chitafika, atayendera makomo kufuna anthu a ulendo wina, mayi aliyense ankamulandira bwino, kumupatsa madzi akumwa, n'kumuuza kuti mwana wawo wachokapo.

Madzulo a tsiku limenelo anadandaula kwa mkazi wake kuti anthu amuweruza pa kulakwa kumodzi. Christobel sanakweze mawu.

"Mlongo wanga nayenso anali mmodzi," anatero.

Phunziro: Ukayamba kutsogolera ulendo, usaone katundu yekha. Konza chakudya, pogona, olandira otopa ndi chingwe chowolokera, ndipo tsiku loyamba ugone pafupi kuti choiwalika chitsatidwe kukadali kotheka. Mwambo wooneka ngati wochedwetsa unagulidwa ndi miyoyo ya ena, choncho funsa chifukwa chake usanauseke. Wonyamula akanena kuti akuopa, mumvere, pakuti iye ndiye ali m'madzi. Thabwa limachekedwa lina, koma mwana wa munthu alibe wapadera.