Buku la a Hedi

Makina oboola mapepala anali akulira kale pamene a Sekeletale analowa m'shopu, chikwama kukhwapa, maondo akudandaula masitepe. Shopuyo inali kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya utoto. Munali tebulo la kompyuta pakona, makina a fotokope okalamba pafupi ndi zenera, ndi benchi ya makasitomala yomwe mwendo wake umodzi anautchinjiriza ndi katoni yopinda. Ankagwiramo awiri: iwo kutayipa, mlamu wawo, mkazi wa mchimwene wawo, kupanga fotokope ndi kumanga mapepala kuti akhale buku. Mlamuyu anthu ankamutcha Mai Nyuzi, poti pepala lililonse lodutsa m'manja mwake ankayamba waliwerenga kaye.

"Mwadzuka bwanji alamu?" anatero Mai Nyuzi osatembenuka.

"Ine ndadzuka, mafupa okha ndiwo atsala pabedi. Buku lija mwafika nalo pati?"

"Kope loonetsa lija ndamanga. Ilo lili apo."

Bukulo linali la a Hedi, amuna awo a Sekeletale. Bambowo anapuma ntchito kalekale, koma dzina la uhedimasitala linawakanirira ngati chipsera. Atatopa ndi kukhala pakhonde, anayamba kulemba mbiri ya moyo wawo: mabuku amene anawerenga, mafilimu amene anaonera, masukulu amene anayendetsa, ndi mmene anakwerera kuchokera pa choko kufika pa ofesi ya kapeti. Ankalemba pamanja, a Sekeletale n'kumatayipa kushopu makasitomala akachepa. Miyezi inatha msana ukuwawa. Tsopano ana asukulu akale a a Hedi anali atakonza phwando Loweruka loti akakhazikitse bukulo, ndipo wosindikiza anati limupeze tsiku lomweli dzuwa lisanapendeke, apo ayi phwando lichitika lopanda buku.

Mai Nyuzi anazimitsa makina aja n'kudzakhala pabenchi, bukulo lili pamiyendo.

"Chikuto ndiye chatuluka bwino, a Hedi aoneka ngati nduna. Koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndifunseko alamu, inuyo m'bukumu muli pati?"

"Ndili pati bwanji? Si ine ndatayipa lonselo?"

"Kutayipa mwatayipa. Ine ndikuti dzina lanu, nkhani yanu. Ndawerenga kuyambira kuchikuto mpaka kumapeto, ndakufunani ngati singano yogwera mumchenga. Mwina maso angawa akalamba."

A Sekeletale anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa mano okha. Zoona zake n'zakuti bukulo sanaliwerenge. Munthu wosadziwa ntchitoyi angati n'zosatheka, koma wotayipa weniweni sawerenga. Maso amatola zilembo, zala zimagunda, mutu uli kwina, mwina kumsika, mwina kwa mwana amene sanaimbe foni. Anawaphunzitsa choncho ali mtsikana, ndipo ankanyadira nazo. N'chifukwa chake anthu a milandu, a maukwati otha ndi a madandaulo a kuntchito ankakwera masitepe aja kudzafuna iwo, podziwa kuti mawu awo alowera m'zala n'kutulukira papepala, osatsala m'mutu mwa munthu. Buku la amuna awo linadutsanso njira yomweyo.

Anayatsa kompyuta, natsegula bukulo, n'kulemba m'kabokosi kofufuzira mawu akuti "mkazi wanga". Kompyuta inapeza malo amodzi okha. Anayandikiza nkhope.

"Chaka chimenecho mkazi wanga anadwala, ndipo ndinaphonya maphunziro a mahedimasitala. Izi zinachedwetsa kukwezedwa kwanga."

Anawerenganso. Kudwala kumene ankanenako, iwo ankakudziwa bwino. Ndi chaka chimene anapita padera, kusukulu ya kutali kumene galimoto inkafika mwa apo ndi apo. Mwanayo akanakhala wachiwiri. Anagona m'chipatala akuyang'ana denga, ndipo atatuluka anapeza mayeso a ana a sukulu akudikira kutayipidwa.

"Pitaninso pa mutu wa mafilimu," anatero Mai Nyuzi, mawu atatsika tsopano. "Kandimverere anakanena za m'maluwa, dzionereni nokha."

Pamutupo a Hedi anafotokoza filimu imene anati inasintha moyo wawo, ya mphunzitsi wosauka amene anakana kusiya ana ake. Analemba bwino ndithu, mpaka fungo la holo ija ndi mipando yake yolira. Ndipo anati: "Ndinapita kukaionera ndi mnzanga wina."

A Sekeletale anachotsa magalasi n'kuwaika patebulo. Sanalire. Anangomva kutopa kukutsika m'mapewa kupita m'chiuno, kutopa kwakale kumene ankayesa kuti ndi kwa mpando. Zinawawawa kwambiri, ndipo chowawitsitsa n'chakuti mawu amenewo anawatayipa ndi zala zawo zomwe.

Pamasitepe panamveka ndodo ndi kukhosomola kodziwika. A Hedi analowa atavala jekete, nkhope ikuwala ngati mwana wopambana mayeso.

"Moni ogwira ntchito. Mwana wathu wabadwa kodi?" anafunsa akutambasulira manja buku lija.

"Wabadwa alamu, wafanana ndi bambo ake yekhayekha," anayankha Mai Nyuzi. Anawapatsa bukulo, natola kachikwama kake. "Mapini omangira mapepala atha, ndikagule." Mapini anali odzaza bokosi, koma anatsika.

A Hedi anakhala pabenchi akusisita chikuto. Anatsegula, nanunkhiza mapepala, natsekanso.

"Mwagwira ntchito mayi. Tsopano ikani pa fulashi ndithamangire kwa wosindikiza."

"Bambo, lero ndaliwerengako buku lanuli."

"Aa, mwachita bwino. Mwaliona bwanji?"

"Galu wa pasukulu ya kuphiri uja ali ndi tsamba lonse. Njinga yanu yoyamba ili ndi masamba angapo. Ine ndine mnzanu wina."

A Hedi anakhosomola, nakonza kolala imene inali yokhala kale bwino.

"Mayi, bukuli ndi la ntchito, si la m'nyumba. Komanso nthawi ya filimu ija tinali tisanakwatirane. Ana amene ndinkawakwapula chifukwa cha zibwenzi akawerenge kuti a Hedi ankalowa mumdima wa kanema ndi mtsikana? Ulemu wanga ukhala pati?"

"Amene anakukokerani kufilimuko ndine. Inu munkafuna kukaonera mpira. Munagona pakati pa filimu, ine n'kukufotokozerani panjira mmene inathera. Mathero amene mwalemba mokomawo munawamva kwa ine."

"Zimenezo ndi zakale mayi."

"Buku lonseli ndi la zakale. Nanga chaka chija ndinadwala, mwati ndinakuchedwetsani kukwezedwa. Mwana uja mumamukumbuka?"

Apa a Hedi anayang'ana pansi. Sanali munthu woipa, ayi. Sanamenyepo mkazi, mowa sankaudziwa, kunja sankagona. Kungoti akazi awo ankawaona monga munthu aonera khoma la nyumba yake: amatsamirapo tsiku ndi tsiku, koma ukamufunsa mtundu wa utoto amayamba wakaona kaye.

"Ndimakumbuka," anatero motsitsa. "Koma zoterozo sizilembedwa." Anayang'ana wotchi ya pakhoma, mantha a phwando n'kuwabwerera. "Chabwino, ndalakwa. Nthawi ikutha. Kutsogoloku kuli tsamba lopanda kanthu. Ikanipo mawu awiri atatu othokoza, inu mumadziwa kakonzedwe kake. Chilichonse chimene mungaike ine ndavomereza."

"Ndidzithokoze ndekha?"

"Si choncho, koma poti makinawo ali m'manja mwanu."

"Ine sindilemba, bambo, ndimatayipa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati muli ndi mawu, lembani, ine nditayipa monga ndatayipira enawo."

Anasolola pepala loyera mu fotokope, nawapatsa pamodzi ndi cholembera. A Hedi anaika pepalalo pamwamba pa buku lawo, navula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Munthu amene ankayankhula pa asembule mpaka ana kukomoka ndi dzuwa anakhala duu, cholembera chili m'mwamba.

Kunabwera mayi wina wofuna kutayipitsa chidziwitso cha nyumba ya lendi. A Sekeletale anamuthandiza, napita. Kunabweranso bambo wofuna fotokope ya chiphaso, naye anathandizidwa. Nthawi yonseyo a Hedi ankalemba mzere n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Thukuta linatsika m'khosi kulowa m'kolala. A Sekeletale ankawaona m'mbali mwa diso, ndipo ngakhale anali okwiya, mumtima munali kachiyembekezo kopusa. Zaka zonsezi, masukulu onse aja, kusamuka pa malole katundu akunyowa ndi mvula, ntchito ya ku ofesi yaikulu imene anaisiya kuti atsate mwamuna kumidzi, mwina china chake chikanatulukamo m'cholemberamo.

Potsiriza a Hedi anaimirira n'kupereka pepalalo ndi manja awiri. Pansi pa mizere yofufutidwa panatsala umodzi:

"Ndikuthokoza mkazi wanga amene anatayipa bukuli mosatopa."

A Sekeletale anauyang'ana mzerewo nthawi yaitali. Kunja munthu wina ankagubuduza migolo ya utoto.

"Ndi zimenezi?"

"Ndayesetsa mayi. Ndi zazifupi koma zikuchokera pansi pa mtima."

"Ndaona kuti mwayesetsa." Anawabwezera pepala lija. "Fufutani liwu lomalizalo. Enawo ndi oona, koma ilo ndi bodza. Ndatopa, bambo. Ndinatopa kalekale."

A Hedi analandira pepalalo. Anatenga cholembera, nadula mzere pa liwulo. A Sekeletale anatayipa zotsalazo pakati pa tsamba loyera lija, naika buku lonse pa fulashi, naipereka.

"Fulumirani, wosindikiza angatseke."

"Ndiye nkhaniyi yatha eti? Loweruka akuikirani mpando kutsogolo, pafupi ndi ine."

"Loweruka ndi tsiku la makasitomala ambiri. Ndidzakhala kuno."

"Anthu akandifunsa ndidzati chiyani?"

"Mudzati muli ndi mnzanu wina amene watanganidwa."

A Hedi anafika pakhomo, naima, ndodo m'dzanja limodzi, fulashi m'dzanja lina. Anaoneka okalamba kuposa mmene analowera.

"Nanga suti yanga yakuda ija? Ndi yokwinyika."

"Ayironi ili pamwamba pa wadiropu. Chingwe chake chimafuna kugwirizira."

Anatsika masitepe pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda. Pakati panjira anakumana ndi Mai Nyuzi akukwera chimanjamanja, ndipo anapatukirana. Mai Nyuzi atalowa anayang'ana mlamu wake kamodzi kokha. Anangoyatsa makina ake. A Sekeletale anavala magalasi, nakokera mpando pafupi ndi tebulo, n'kuitana kasitomala amene ankasuzumira pakhomo kuti alowe.