Wotchi ya Chabloz Imene Amati Sinatsegulidwepo

Kutatsala masiku awiri kuti fakitale ya mawotchi ya Chabloz ichite phwando la zaka zana limodzi ndi theka, Thibault Chabloz anakwera masitepe atafumbata kabokosi ngati wanyamula dzira la nkhunda. Analunjika pawindo pamene Mayi Huguette akhala akukonzera mawotchi kwa zaka makumi anayi, zigongono patebulo, kagalasi kokuzira kali padiso.

Thibault ndiye bwana masiku ano, wa magazi a mkulu Aristide amene anayambitsa fakitaleyi. Koma Mayi Huguette anamuona akukwawa, ndipo munthu amene anakuona ukukwawa taye yako saiopa.

"Mayi Huguette, Loweruka kukubwera katswiri wa ku Geneva kudzatsegula wotchi ya agogo Aristide pamaso pa alendo. Taonani ngati chivundikirochi sichinamatirire, tisakachite manyazi."

Wotchi imeneyi mbiri yake m'chigwa muno amaidziwa ndi ana omwe. Amati Aristide anaipangira m'kachipinda ka pamwamba pa khola, nyengo yachisanu ng'ombe zitatsekeredwa, ndipo chiitsekereni mu 1874 palibe anaitsegulapo, koma ikungoyendabe. Mawu amenewa Thibault anali atawasindikiza m'timabuku zikwi zisanu, m'zilankhulo zinayi.

Mayi Huguette anangolowetsa chikhadabo, chivundikiro n'kuti tsegu, ngati chitseko cha bala ya mowa.

"Aa! Yatseguka bwanji msanga chonchi?"

"Yazolowera, mwanawe."

"Yazolowera chiyani?"

"Iwe, wotchi yosamwa mafuta zaka zana ndi theka unaiona kuti? Ngakhale galimoto lako lija la ku Jeremani, ukapanda kulimwetsa limakusiya pamsewu."

Thibault anasuzumira. M'kati mwa chivundikiro chagolide munali timizere tothithikana ngati mwapalasa nkhuku. Ndi mwambo wa okonza mawotchi umenewo: ukaitsuka ndi kuithira mafuta, umazokota ndi singano zilembo zoyamba za dzina lako ndi chaka, ting'onoting'ono, m'kati mmene mwiniwake sayang'ana. Ta Mayi Huguette okha tinalipo tisanu ndi titatu.

Bwana uja nkhope inayera ngati tchizi.

"Muzifute. Lero lomwe. Mupukute mpaka muwale ngati kalilole."

Apa Mayi Huguette anayang'ananso m'chivundikiromo. Zilembo zawozo sanadandaule nazo. Koma cha kumanzere, pafupi ndi kapata kogwira chivundikiro, panali Y.G. 1958, dzanja la malemu amayi awo, a Yvonne. Mayi amenewa sanasiye kalata, ndipo pachithunzi chimodzi chimene anajambulitsa anatsinzina. Anasiya zilembo ziwiri zomwezi basi. Makina opukutira akanazimeza m'kuphethira kwa diso.

Kukangana ndi bwana sanafune. Anavula kagalasi kaja n'kukapukuta ndi epuloni.

"Chabwino, bwana. Koma lamulo la patebulo pano ukulidziwa. Amene walamula kufuta amayamba wawerenga mokweza dzina lililonse, kuti eni ake amve."

Lamulo limenelo linabadwa nthawi yomweyo. Koma Thibault anaphunzira za malonda ku Lausanne, akanadziwira kuti? Anakhala pa kampando, navala kagalasi chozondoka.

"Tembenuza. Mwana wa Chabloz wosatha kuvala galasi, agogo ako akutembenuka m'manda."

Anatembenuza, nayamba kuwerenga monyinyirika.

"F.R. 1889."

"Ameneyo ndi Firmin. Amati ankagwira ntchito bwino akalawako kapu imodzi ya mowa, akalawa ziwiri wotchi inkabwerera m'mbuyo."

"E.N. 1912. E.N. 1920. Mayi Huguette, ine ndili ndi msonkhano."

"Msonkhano suthawa. Werenga."

"L.C. 1941." Anaima. "C ameneyu ndi wa kwathu?"

"Agogo ako aakazi, a Léonie."

"Ayi, mwasokoneza. Agogo sankagwira ntchito, ankaimba piyano."

"Piyano! Chaka chimenecho amuna onse anali atapita kukalondera malire chifukwa cha nkhondo, wotchi n'kuima. Ukuganiza kuti anaiutsa ndani, piyanoyo? Amayi anga ankati mayi ameneyo anakhala pawindo lomweli sabata yathunthu, mwana ali m'dengu kumapazi, akutukwana kasipuling'i mawu oti abusa sangawamve kawiri."

Thibault anaweramira zilembozo, diso lili pagalasi. Anayang'ana nthawi yaitali mpaka khofi wa Mayi Huguette anazizira.

"L wawo ankamulemba chonchi kumene," anatero motsitsa. "Ndi kamchira. Pamakhadi a Khirisimasi."

"Ndiyatse makina?" anafunsa Mayi Huguette.

Thibault anabwezera diso pawotchi. Anawerenga zotsalazo yekha osakakamizidwa, ndipo atafika pa Y.G. 1958 anadzutsa mutu n'kuwayang'ana. Mayi Huguette anakhala ngati akufunafuna kanthu m'dirowa.

"Nanga timabuku zikwi zisanu tija?" anafunsa Thibault, akusisita chipumi.

"Chisanu chayandikira. Mbaula za m'chigwa muno sizisankha chilankhulo."

Thibault anaseka mosafuna, kenaka anaseka zenizeni.

"Musafute. Loweruka katswiri uja akatsegula, ndidzawerenga mayinawa pamaso pa alendo. Inu mudzaime pambali panga, muzidzandiuza kuti uyu anali ndani. Za Firmin ndi makapu ake mudzasiye."

"Za Firmin ndiye alendo adzazikonda."

Thibault anaimirira, koma sanachoke. Anatola singano patebulo n'kumaizunguza m'zala.

"Pansi apa patsala kamalo. Nditazokotapo T.C., kakang'ono chabe..."

Mayi Huguette anam'menya padzanja, singano n'kugwa.

"Waikonza ndiwe? Ubwere Lolemba m'mawa utasamba m'manja, uyambe kuphunzira kugwira sikuluu osaiuluza. Ukakhoza, zaka zisanu zikubwerazi tidzakambirana."