Mimba Yobwereka

Tui, mwamuna wa Lamyai, ankamenya nkhonya za zigongono ndi mawondo ku Bangkok, koma mdani wake wamkulu anali sikelo. Mawa lake ankayenera kukapimidwa. Akanangopitirira pang'ono kulemera kololedwa, masewero akanalephereka, ndipo mphunzitsi anali atamuuza kale kuti anyamata ofuna malo ake ndi ambiri. Sabata yonse munthu ankangothamanga atavala jekete lapulasitiki, madzi akumwa ngati mankhwala.

Tsoka ilo, kutatsala tsiku limodzi lomwelo, mng'ono wake ankameta mpala kumudzi kuti alowe kukachisi akhale mmonke wachibuda. Mwana woyamba sajomba pamwambo wotere. Ndipo kwa amayi ake, a Bualoi, mwana wokana chakudya wakana mayi.

"Nthiti zonsezi pamtunda," anatero akumutsina m'mbali. "Ku Bangkok amakudyetsa utsi wa galimoto? Khala apa."

Anamuikira nkhuku yootcha, kadengu ka mpunga womata ndi papaya wosapsa wosinjira tsabola. Tui anayang'ana mkazi wake ngati galu wogwera m'chitsime.

Lamyai anakhala pamphasa momufinya, mwana ali kubere, nsalu ataifunditsa mpaka m'mawondo.

"Inu muzingotafuna mpweya," ananong'ona. "Mimba ndikubwerekani ine."

Amayi akangotembenuka, ntchafu ya nkhuku inkalowa pansi pa nsalu. Tui ankapukuta pakamwa pouma n'kumayamikira kakomedwe. Vuto linali lakuti mbale ikatha amayi ankawonjezera, akusangalala kuti mwana wawo wayambanso kudya ngati kale. Pasanapite nthawi Lamyai anali atamasula m'chiuno, thukuta likutsikira m'khosi.

Chomwe chinamugwiritsa ndi papaya uja. Azakhali a Tui anamupeza akumwa msuzi wowawasa wotsala m'mbale ya mwamuna wake.

"Alamu, tabwerani mudzaone. Mpongozi wanu wamaliza zake, tsopano akunyambita zowawasa za mwini."

A Bualoi anamuyang'ana kumaso, kenako pamimba potupa paja. Lamyai anaona kuti akatsegula pakamwa ndiye kuti waulula zoti Tui sanalawe kanthu, ndipo nkhuku ina ibwera, amayi atakhala pompo kumulondera. Anangogwetsa nkhope ngati wamanyazi.

Azimayi anamuzungulira n'kuyamba kumumanga ulusi woyera m'mikono pomufunira mwayi, wina akuti akhala wamwamuna, wina akuti ayi, kadyedwe aka n'ka mtsikana. A Bualoi analanda mbale ya Tui n'kuisunthira kwa Lamyai.

"Iwe wadya zokwana. Siyira anthu awiriwa."

Tui anakwera basi yobwerera ku Bangkok m'mimba mulibe kanthu, akumwetulira ngati wakhuta.

Mawa lake anaimba foni. "Mayi a mwana, sikelo yavomera."

"Zili bwino," anatero Lamyai akuphwanya mankhwala a m'mimba m'kapu. "Mukamenyane, mupambane, ndipo musachedweko. Amayi anu auza kale mudzi wonse, agulanso matewera. Nkhondo yatsalayi sindingaimenye ndekha."